Kope la Ngongole ndi Msewu wa ku Mlatho: Mbiri ya Masitolo a Mangochi

 

Mukayenda pamsewu waukulu wa pa Boma la Mangochi itangotha swala ya Asri m'mwezi uno wa Ramadhan, maso amaona zinthu ziwiri zosagwirizana. Anthu ali pikitipikiti. Amayi akukazinga samusa ndi zitumbuwa, anyamata a kabaza akulimbirana okwera, wina wayala tende pathebulo, wina akuitanira nthochi ndi chinangwa cha futari. Koma mukaponya maso kuseri kwa anthuwo, pamakonde a masitolo akale aja, mupeza zitseko zina zili ndi loko wadzimbiri. Zina n'zotsegula, koma mashelefu ali pululu: sopo mipiringidzo isanu, shuga mapaketi atatu, mwini wake akuwodzera tasbihi ili m'manja. Chapatali pang'ono kukumera nyumba zatsopano, malo omwetsera mafuta, masupamaketi a magalasi, nyumba zogona alendo, ndi mashopu a mzere omangidwa ndi ndalama za ku Joni.

Tikakhala pakhonde la mzikiti itatha taraweh, nkhaniyi siichedwa kubuka. Wina amati khonsolo ichotse mavenda amene atseka makomo a masitolo. Wina amati vuto ndi alendo obwera ndi mpamba waukulu, achoke apite kumizinda. Wachitatu amangoti, "Zinthu zinasintha, basi." Ife tikuona kuti tisanagamule mlanduwu ndi bwino tiyambe tafunsa msewuwo kumene wachokera, pakuti aka si koyamba kuti udwale, ndipo mankhwala ena amene tikuwatchula lero anayesedwapo kale.

Tauni ya Mangochi isanakhaleko, msika unalipo. Unali kwa Mponda, pafupi ndi pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Ayao atabwera kuchokera kum'mawa kwa nyanja chapakati pa zaka za m'ma 1800, anapeza Anyanja akusodza ndi kulima m'mbali mwa madziwa, ndipo iwo anabwera ndi chinthu chimene anali atachidziwa kwa mibadwo: njira ya kugombe la nyanja yamchere, ya ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique. Anthu ankayenda pansi miyezi, atasenza minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. David Livingstone atadutsa kwa Mponda mu 1866 anapeza mudzi waukulu wodziwa kale malonda a kugombe. Kutsidya kunali Makanjira, kuphiri kunali Jalasi, aliyense ndi anthu ake a ulendo.

Apa tisabise mawu, ngakhale mwezi ndi wopatulika, kapena tinene kuti chifukwa chakuti mwezi ndi wopatulika. Pakatundu amene ankapita ku Kilwa panalinso anthu. Ana a Adam ankagwidwa m'midzi, kumangidwa magoli, n'kukagulitsidwa. Ena mwa ife ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za ogulitsidwa, ambiri za onse awiri. Chuma choyamba cha dera lino chinali ndi misozi mkati, ndipo wophunzira wa Chisilamu sayenera kuchita manyazi kunena zimenezi poyera.

Njira yomweyo ndi imene inadzera Deen. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, mafumu ena n'kutsatira. M'mabwalo mwawo munkakhala alembi odziwa zilembo za Chiarabu, olemba makalata a malonda m'Chiswahili. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa n'kubwerera kunyanja kuno m'zaka za m'ma 1880, ndipo pambuyo pake Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje anafalitsa maphunziro m'midzi yambiri. Koma chimene tikufuna muchigwire pa nthawi imeneyi ndi ichi: malonda onsewa ankayendera ngongole. Amalonda olemera a ku Zanzibar ndi Kilwa, ambiri a iwo ochokera ku India, ankapereka mitolo ya nsalu kwa atsogoleri a ulendo popanda kulandira kanthu tsiku limenelo. Munthu ankalowa nayo m'tchire, osaoneka chaka chathunthu kapena kuposerapo, n'kudzabweza ndi minyanga. Wosabweza ulendo umodzi, dzina lake linkafa pagombe ponse. Choncho cholembera ndi dzina labwino zinali mpamba weniweni kusiyana ndi nsaluzo.

Kenaka njira inatembenuka. Mu 1891 Harry Johnston anafika ndi asilikali Achisikh otsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire n'kumanga linga kutsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda. Maguire anaphedwa kwa Makanjira mu December chaka chomwecho, koma nkhondo inapitirira mpaka Jalasi anagonja paphiri la Mangochi mu 1895. Mu 1897 atsamunda anasamutsira boma lawo tsidya lino, pamene pali tauni lero, nalitcha dzina lomwe lija la Fort Johnston. Msewu wotakasuka wotsikira kumtsinje unajambulidwa nthawi imeneyo. Nsanja ya wotchi imene ana athu amaidutsa tsiku ndi tsiku inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamwalira mu 1901.

Katundu anasiya kubwera pamutu kuchokera kum'mawa, nayamba kubwera pamadzi kuchokera kum'mwera: ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, kudutsa pamtunda cha ku Blantyre polambalala mathithi, n'kukweranso sitima pa Matope mpaka kuno. Fort Johnston inasanduka khomo la nyanja yonse. Sitima yankhondo ya Gwendolen inalumikizidwa kuno n'kuyamba kuyenda mu 1899. Mfuti yake ija ili pafupi ndi wotchi, ndipo sitimayi ndi imene inakaombera sitima ya Ajeremani mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Chauncy Maples ya amishoni a Anglican inalumikizidwa kwa Mponda mu 1901. Panali phokoso la nyundo, utsi wa sitima, amtengatenga, ndi ndalama.

Nanga masitolo anali a yani? Kampani ya African Lakes, imene inayambika mu 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, inali ndi sitima zake ndi masitolo ake. Pambuyo pake panabwera Amwenye, ambiri ochokera ku Gujarat ndi Kutch, amene Johnston mwini wake ankawalimbikitsa kubwera. Zidzukulu za anthu amene ankayenda mpaka ku Kilwa zinapezeka zili panja pa kauntala. Ayao anakhala atelala pakhonde, amisiri omanga, ophika, asilikali, ogulitsa m'sitolo ya wina. Makolo athu anakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akawasiyitsa Deen, ndipo mantha awo anali ndi maziko. Koma mtengo wake unali wowawa: malonda atsopano ankafuna Chingerezi, laisensi ndi masamu a m'buku la Mzungu, ndipo ife tinali ndi zilembo zimene boma silinkaziwerengera.

Tauni ya doko ija siinakhalitse paulemerero wake. Madzi a m'nyanja anayamba kutsika, mchenga ndi udzu zinatseka mtsinje, ndipo kuyambira cha mu 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire anangotsala pang'ono kuumiratu potulukira. Sitima zinalephera kutsika. Pamene madzi ankabwerera, njanji inali itafika kale ku Salima mu 1935, kudzera ku Balaka, kutilambalala ife. Katundu wa kumpoto anayamba kukwerera pa Chipoka. Malo okonzera sitima anakhazikika ku Monkey Bay, kumene Ilala inalowa m'madzi mu 1951, patapita zaka zisanu Vipya itamira ndi anthu 145 mu July 1946. Chikumbutso chawo chili pomwe paja pa wotchi. Palibe amene anathamangitsa masitolo a Fort Johnston nthawi imeneyo. Njira inangosuntha, msewu n'kugona.

Chimene chinausunga ndi moyo chinali nsomba, fodya wa m'maesiteti a ku Namwera, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi ndalama za amuna opita ku Halale ndi kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Banja la Agiriki la Yiannakis linayamba usodzi wa makoka akuluakulu m'zaka za m'ma 1930, ntchito imene inadzakhala Maldeco. Chambo cha kuno chinkadyedwa ku Zomba ndi ku Blantyre.

Tiime pang'ono pa sitolo ya Mmwenye ya nthawi imeneyo, chifukwa agogo athu amaikumbuka ndi mitima iwiri. Banja linkagona kuseri kwa sitolo komweko. Kutsogolo kunali kauntala, sikelo, mabandulo a biriwita ndi nsalu zamaluwa, mchere, palafini, makasu, singano, mabulangete. Pakhonde pankakhala atelala atatu kapena anayi, kotero kuti mayi ankagula nsalu mkati, kutuluka panja kuyezetsa, n'kupita kumsika. Pobwerera diresi yatha. Katundu ankachokera kwa achibale a holoselo ku Limbe, pangongole, kulipira akagulitsa. Sitolo ya pa Boma nayonso inkapereka katundu kutimasitolo ta kumidzi toyendetsedwa ndi Amalawi olembedwa ntchito. Unali unyolo wautali, ndipo mphete iliyonse inali kope. Zoipa zinaliponso, ndipo agogo saziiwala: mitengo yosintha poona nkhope, malipiro ochepa, kunyoza. Ambiri a iwo anali Asilamu anzathu, iwo a madhhab a Hanafi, ife a Shafi'i, komabe pakati pa kauntala ndi khonde panali mpata waukulu. Ukwati, mbale, ngakhale mizikiti nthawi zambiri zinali zosiyana. Mkwiyo wa anthu sunali wopeka.

Ufulu utabwera mu 1964, dera lino linalowa m'mavuto ake. Mu February 1965 Masauko Chipembere ndi anthu ake analanda Fort Johnston usiku umodzi, nauyamba ulendo wa ku Zomba, koma anakakanika pa Liwonde chifukwa pantoni inali kutsidya. Kuchokera pamenepo boma la Dr Banda linkayang'ana dera lino ndi diso lokayika, ndipo midzi ina, monga wa Moto, inalipira mtengo waukulu. Dzina la Fort Johnston linachotsedwa, tauni n'kutenga dzina la phiri la Jalasi lija.

Kenaka kunabwera lamulo limene likutikhudza kwambiri pankhaniyi. Kuyambira mu 1970 boma linalamula Amwenye kuti achoke m'malonda a kumidzi, ndipo pofika mu 1978 anali atawakankhira m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Cholinga chinali chomveka: malonda a kumudzi akhale a mwana wa m'mudzi. Anthu anasangalala. Aphunzitsi opuma, obwera kumigodi, akuluakulu a chipani, anagula kapena kuchita lendi masitolo aja. Makiyi anali m'manja mwathu.

Pasanathe zaka zambiri, masitolo ochuluka anali atatsekedwa. Aliyense woyenda m'malo a malonda akale m'dziko muno, kaya ku Ulongwe, kaya ku Namwera, kaya kwina kulikonse, waonapo mabwinja ake: khonde la zipilala, malata ofiira ndi dzimbiri, mbuzi zikubisala dzuwa. Chinachitika n'chiyani? Mmwenye anasiya nyumba ndi mashelefu, koma unyolo uja anapita nawo. Mwini watsopano atapita ku Limbe kukaoda anauzidwa kuti alipire pompo, pakuti sankadziwika. Analibe lole. Analibe msuweni wa holoselo. Ndipo kwawo kuno anali ndi chinthu chimene Mmwenye analibe: abale. Mlamu anatenga shuga, amalume anatenga bulangete, apongozi anatenga nsalu ya maliro, onse ndi mawu amodzi, "Tidzaonana pa mapeto a mwezi." Kuwakaniza kunali kudula ubale, kuwalemba m'kope kunkaoneka ngati mwano. Sitolo inadyedwa ndi anthu oikonda.

Tsoka linanso linagwa nthawi yomweyo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 obwera kumigodi, ndipo Dr Banda anaimitsa ulendo wa kumigodi. Ndalama zimene zinkagula njinga, mawayilesi ndi malata zinaphwa pamene eni masitolo atsopano ankazifuna kwambiri. Boma linayesa kutseka dzenjelo ndi Chipiku, kuti ogulitsa ang'onoang'ono azipikula pafupi, komanso ndi PTC ya kampani ya Press, imene inayamba mu 1973. Zinathandiza ndithu, sopo ndi mchere zinapezeka. Koma malo otere amagulitsa kwa amene wagwira ndalama m'manja. Sadziwa dzina la bambo ako. Ndipo taonani, PTC yomweyo, imene tili ana tinkaiona ngati phiri losasuntha, inagulitsidwa mu 2022 ndipo pasanapite nthawi masitolo ake anatsekedwa. Ukulu wa sitolo si chitetezo.

Chifukwa chake tikamva m'bale akunena kuti alendo akangochoka zonse zikhala bwino, timakumbuka 1978. Ngakhale posachedwapa, mu 2012, amalonda a ku Karonga atadandaula za Matchaina, boma linalamula kuti amalonda akunja azichitira malonda awo m'mizinda inayi yokha. Lamulo lotere lili ndi malo ake, ndipo sitikunena kuti wa mpamba wochepa asatetezedwe. Koma kuchotsa wopikisana naye sikudzaza shelefu.

Kuyambira mu 1994, ndale za zipani zambiri zitabwera, malonda anamasuka. Kaunjika anadzaza misika, maminibasi anachuluka, aliyense anayamba geni. Mu 2002 mlatho wa Bakili Muluzi, womangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, unatsegulidwa, ndipo njira yakale ya kum'mawa, yokwera Chowe kupita ku Namwera, Chiponde ndi Mandimba, inadzukanso, tsopano ndi malole m'malo mwa amtengatenga. Anyamata athu anayambanso kukhamukira ku South Africa, ulendo uno paokha, ndipo ngakhale anathamangitsidwa ndi zipolowe mu 2008 ndi mu 2015, sanasiye. Ndalama zawo zimabwera pa Mukuru ndi pafoni. Msewu wa Liwonde utakonzedwa, munthu akutha kunyamuka itatha Subuhi, kukaoda ku Limbe, n'kudzafutulira kwawo. Zimenezi n'zabwino, koma zikutanthauza kuti sitolo ya pa Boma inataya ntchito yake yakale yokhala nkhokwe ya dera lonse.

Zina zatipweteka tonse pamodzi. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, asodzi n'kutsala ndi kambuzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kwa mwini golosale izi zikutanthauza kuti wagulitsa katoni ya mafuta ophikira, wapeza phindu papepala, koma akabwerera kukaoda ndalama yonseyo siikwana katoni imodzi. Ndipo ngongole imene anapereka chaka chatha, ngakhale itabwezedwa yonse lero, yabwera itaonda.

Komabe ogula sanachepe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo pafupifupi 53,000 mwa iwo m'tauni momwemu. Anthu achuluka, nyumba za malata zachuluka, njinga zamoto zachuluka. Ndiye ndalama zikupita kuti?

Yankho tinalipeza Ramadhan yapitayi, ndipo silinatisangalatse. Bambo wina wachikulire, kholo la mwana wa kumadrasa kwathu, anachedwa kupereka kangachepe kamene makolo amasonkha pamwezi. Titapita kukawaona kugolosale kwawo, sanadziwiringule. Anangotulutsa kope pansi pa kauntala, lachikuto chakuda, lomangidwa ndi mphira, n'kutipatsa. "Mwalimu, werengani nokha." Tinatsegula. Munali maina a jamaat yathu yonse, anthu amene timaima nawo phewa ndi phewa pa Ijumaa. Shuga wa Ramadhan ya dzana. Mpunga wa sadaka ya maliro. Mafuta a chinkhoswe cha mwana amene pano ali ndi mwana wakewake. Patsamba lina, tisaname, tinapeza dzina lathu. Bamboyo anati, "Tsiku limene ndalama ya ku Joni yalowa pafoni, ndimawaona akudutsa pano pa kabaza, majumbo a ku supamaketi ali m'manja, amandipatsa salaam bwinobwino. Ikatha, ndiye amakumbuka kuti pano pali m'bale wawo."

Mawu amenewa ndi mbiri yonse ya 1978 yobwerezedwa. Kale unyolo wa ngongole unkayenda mbali ziwiri: sitolo inkakongoza, nayonso inkakongozedwa. Lero mwini golosale amaoda ndi ndalama yapompo, kugulitsa pangongole, ndipo ndalama yathu yapompo timakaipereka kumene sangatikongoze ngakhale bokosi la machesi. Sitolo yatsopano yatenga ndalama, yakale yatsala ndi kope.

Ophunzira athu amadziwa kuti ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, siikamba za swala kapena swaumu. Ikukamba za ngongole: kuilemba, kuika nthawi yobwezera, kukhala ndi mboni, osanyozera ngakhale ili yaing'ono. Chimene makolo athu a m'ma 1970 ankachiona ngati mwano kwa m'bale, Allah anachilamula kale kuti ubalewo usaonongeke. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaih wasallam) anatcha kuzengereza kubweza kwa munthu amene ali nazo kuti ndi kupondereza, ndipo panali nthawi imene ankayamba wafunsa ngati womwalira wasiya ngongole asanamuswalire janaza. Ife timalira pa dua ya usiku wa 27, pamene dzina lathu lili m'kope la munthu amene akulephera kulipirira mwana wake madrasa.

Eni masitolo nawonso asaganize kuti mlandu wawakomera. Surat Al-Mutaffifin inatsikira anthu a sikelo ndi miyeso. Mtumiki (Swalla Allahu alaih wasallam) anapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika, napeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anadzudzula wogulitsayo poyera. Analetsanso kubisa katundu podikira kuti mtengo ukwere. Nanga ndi angati mwa ife amene shuga amasowa m'shelefu sabata yoyamba ya Ramadhan n'kudzatulukira kuseri mtengo utakwera? Mayi amene wagulitsidwa ufa wofumbwa kamodzi sabweranso, ndipo supamaketi imamukopa ndi chinthu chimodzi chaching'ono: mtengo walembedwa, ndi womwewo kwa aliyense. Kulemba mtengo pakatoni sikufuna mpamba.

Mtumiki (Swalla Allahu alaih wasallam) atasamukira ku Madina, atamanga mzikiti, anasankhanso malo a msika wa Asilamu, bwalo lotseguka lopanda msonkho, ndipo ankaliyendera yekha. Abdurrahman bin Auf (Radhiya Allahu anhu) anafika ku Madina wopanda kanthu, anakana kugawiridwa chuma cha m'bale wake wa Chiansari, napempha kuti angomulozera kumsika. M'mibadwo yotsatira Asilamu anamangiriza msika ku mzikiti kudzera mu waqf. Msika waukulu wa ku Istanbul unayambika m'zaka za m'ma 1400 pansi pa Sultan Mehmed II kuti lendi ya mashopu ake iziyendetsa mzikiti wa Ayasofya. Kuno kwathu mizikiti ina ili kale ndi timashopu kutsogolo, koma kawirikawiri komiti imangofuna wolipira lendi yokwera. Bwanji shopu imodzi mwa zinayi isaperekedwe pa lendi yotsika, kwa zaka ziwiri, kwa telala wachinyamata kapena mayi wamasiye, ndi pangano lolembedwa? Sitolo zotsekedwa za pamsewu waukulu, zina za mabanja amene akukanganabe za chuma cha masiye, bwenzi zitatsegulidwa mwa njira yomweyo masheikh athu atathandiza mabanjawo kugawa mirathi mwa Shariah m'malo mosiya nyumba ikugwa.

Chinthu china chimene Amwenye anali nacho ndipo ife sitinachimangebe ndi kuoda pamodzi. Eni magolosale khumi, aliyense kukwera minibasi yekha kukatenga makatoni asanu, alipira thiransipoti kakhumi ndipo agula pamtengo wa wogula pang'ono. Anthu omwewo atasonkha n'kutuma awiri ndi lole imodzi, holoselo iyamba kuwadziwa maina, ndipo tsiku lina idzawapatsa katundu wolipira pambuyo. Umu ndi mmene unyolo umayambira. Timadziwa chimene chimalepheretsa: sitikhulupirirana, chifukwa aliyense ali ndi nkhani ya msungichuma amene anathawa ndi thumba. N'chifukwa chake ayah ija inatchula mlembi ndi mboni. Amayi athu atitsogolera kale ndi chipereganyu, chimene chilibe riba. Banki m'khonde ya chiwongoladzanja ndi katapila wa pamsika ndiye zatha mabanja ambiri, ndipo m'bale amene wakakamizika kupita kumeneko nthawi zambiri wapita chifukwa ife tamusungira ndalama zake.

Za khonsolo sitichulutsa. Ngalande, magetsi a mumsewu, zimbudzi, ndi malo oimikapo maminibasi ndi kabaza ndi zimene zimalamula kumene phazi la wogula liponde, ndipo taona kale kuti tauni ino imadzuka ndi kugona potsata njira. Msewu wa ku Makanjira umene takhala tikulonjezedwa ukadzatha, anthu a ku Malindi ndi Lungwena adzayenda mosiyana ndi lero, ndipo siteji ikadzaikidwa kutali ndi masitolo akale, tidzaonanso za 1935. Eni masitolo ndi mavenda, m'malo molimbirana khonde, akanapita limodzi kumisonkhano ya khonsolo mapulani asanasainidwe. Venda wa samusa amaimitsa munthu pakhomo. Telala wa pakhonde ankachita chimodzimodzi m'masiku a agogo.

Masiku khumi otsiriza akubwera, nyengo imene atelala amagona pamakina kusoka makanzu ndi madiresi a Eid, ndipo ndalama zochokera kwa ana athu a kunja zimalowa zambiri kuposa mwezi wina uliwonse. Mpunga wa Zakaatul Fitr udzagulidwa, nsapato za ana zidzagulidwa, shuga ndi mafuta a tsiku la Eid. Ife tinabwerera kwa bambo aja sabata yatha, titalandira kathu ka pamwezi. Anatsegula kope, anafufuza tsamba, anatenga rula ndi cholembera chofiira n'kudula mzere wathu bwinobwino, kenaka anatilembetsa deti pambali ndi dzanja lathu. Tinawafunsa ngati tingatchule nkhani ya kopeli pa darsa ya Ijumaa popanda kutchula dzina la munthu. Anaganiza kaye, n'kuti titchule, koma tidikire Ijumaa ya pa mapeto a mwezi, anthu atalandira.